Tinakonza mafoloko, njinga n'kuyamba kupukusa mutu: lipoti la ntchito imodzi

Njinga yamoto iyi inafika m'manja mwanga itayenda makilomita oposa 48,000. Ndi ya 650cc, ya masilinda awiri, yoyenda pa tala. Mafoloko ake ndi a 41mm, a mtundu wa damper rod, opanda pochunira paliponse, ndipo amalowa mamilimita 130 kuchokera pamene atambasuka mpaka pamene agunda. Mwini wake ndi bambo wathupi, wolemera makilogalamu 96 akavala chisoti, jekete ndi nsapato, ndipo nthawi zambiri amakwera okha.

Dandaulo lawo linali pawiri. Akagwira buleki yakutsogolo mwamphamvu, mutu wa njinga unkamira mpaka kumveka kuti gu! Koma akaponda kabampu kakuthwa kapena m'mphepete mwa dzenje, manja ankachita dzanzi ngati mafolokowo salowa n'komwe. "Ndiye tinene kuti ndi ofewa kapena olimba, a makaniko?" anandifunsa. Ndinawayankha kuti zonse ziwiri n'zoona, ndipo gwero lake ndi limodzi.

Mu foloko ya damper rod, oyilo amadutsa m'timabowo tobooledwa pa ndodo ya m'kati. Bowo silisintha kukula. Foloko ikamalowa pang'onopang'ono, monga pogwira buleki, oyilo amadutsa mosavuta ndipo palibe chogwira mutu wa njinga kupatula sipuling'i. Ikalowa mwadzidzidzi, oyilo amapanikizana pakhomo pa bowo, chifukwa liwiro likawirikiza kawiri, kukana kwa oyilo kumawirikiza pafupifupi kanayi. N'chifukwa chake foloko yomweyo imafewa pamene ukufuna ilimbe, n'kulimba pamene ukufuna ifewe. Mafoloko olowana okhala ndi oyilo ndi akale ndithu, BMW inawaika pa R12 mu 1935, ndipo damper rod idakalipobe pa njinga zambiri lero chifukwa ndi yosavuta kupanga komanso siwonongeka wamba.

Zimene tepi inaonetsa

Ndisanamasule bawuti iliyonse, ndinayeza sag, ndiko kuti mmene foloko imatsikira munthu akakhala pa chishalo. Wilo lili m'malere, kuchokera pa seal, labala yotchinga oyilo pakamwa pa mwendo wa foloko, kufika pa yoke yam'munsi, chitsulo chopana machubu awiri a mafoloko pansi pa khosi la njinga, panali 148mm. Mwini wake atakhala, mnzanga atagwirizira njinga, ndinakanikiza mutu pansi n'kuusiya ukwere wokha pang'onopang'ono: 84mm. Kenako ndinaunyamula n'kuusiya utsike wokha: 108mm. Pakati pa ziwirizi ndi 96, ndiye sag inali 52mm. Pa njinga yapamsewu timafuna 30 mpaka 35. Bamboyu ankayenda atadya kale magawo awiri mwa asanu a ulendo wonse wa foloko asanakhudze buleki.

Kusiyana kwa 84 ndi 108, komwe ndi 24mm, kunandiuza china: mafoloko ankakakamira. Foloko yabwino kusiyanaku kumakhala pansi pa 15mm. Ndinamanga ka zip tie, kachingwe ka pulasitiki, pa chubu kuti kasonyeze pamene foloko ikufika ikalowa, mwini wake n'kukazungulira pang'ono akugwira mabuleki mwamphamvu, ndipo anabwerera kali kokanikizidwa mpaka kumapeto.

Ndilembe pano poyera, popeza nkhani yonse yagona apa: tsiku limenelo kumbuyo sindinayeze. Dandaulo linali la kutsogolo, ndipo maso anga anatsatira dandaulo.

Chifukwa chimene tinasankhira njira imeneyi

Mwini wake anabwera ndi maganizo awiri. Oyamba anali othira oyilo wolemera basi. Ndinakana, chifukwa oyilo wolemera m'timabowo tomwe tija amachedwetsa kumira pang'ono koma amawonjezera kuwawa kwa mabampu, ndipo sag sasintha ngakhale milimita imodzi. Achiwiri anali ochotsa mutu wonse n'kuikapo mafoloko a njinga yampikisano, aja ozondoka. Zimatheka, ndipo ena amachita bwino, koma zimakoka zambiri: kutalika kwa mafoloko, offset ya ma yoke, wilo, mabuleki, sensa ya liwiro, pomangira nyali. Chilichonse mwa izi chimasintha kayendedwe ka njinga, ndipo vuto likabuka sudziwa kuti lachokera pati. Ma cartridge athunthu, ndiko kuchotsa damper rod n'kuikamo zam'kati zatsopano zokhala ndi mavalavu, anali njira yabwino, koma oposa zimene munthu woyenda pamsewu tsiku ndi tsiku amafunikira.

Tinagwirizana za masipuling'i owongoka a 0.90 kg/mm, ma emulator, ma bush ndi ma seal atsopano. Emulator ndi kavalavu kokhala pamwamba pa damper rod, pansi pa sipuling'i, komwe kampani ya Race Tech inakatchukitsa. Foloko ikamalowa pang'onopang'ono oyilo amadutsa pa kabowo kakang'ono, mutu n'kugwirika. Ikagunda bampu, kambale kogwidwa ndi kasipuling'i kamatseguka, oyilo n'kudutsa wambiri. Ndinasankha masipuling'i owongoka, osati aja olimba pang'onopang'ono, chifukwa mpweya wotsekeredwa pamwamba pa oyilo umalimbitsa kale foloko kumapeto, ndipo sipuling'i yowongoka imapereka manambala osavuta kuwatsatira pochuna.

Titatsegula, oyilo anatuluka wotuwa, wonunkha, ndipo mwendo wakumanzere munali wochepa kuposa wakumanja. Ma bush anali atatha mpaka mkuwa kuonekera. Machubu onse ndinawagudubuza pa ma V-block ndi dial gauge kuti ndione ngati apindika: wina 0.05mm, wina 0.10mm, onse pansi pa malire a 0.2mm amene mabuku ambiri a njinga zotere amapereka. Pa ndodo iliyonse ndinaboola kuti pakhale mabowo 6 a 8mm, otalikirana, osandondozana mzere umodzi, n'kupala m'mphepete mwake kuti pasatsale kachitsulo. Cholinga ndi chakuti mabowo akalewo asagwirenso ntchito, kavalavu kokha kalamulire kulowa kwa foloko.

Pali msampha umene wagwetsa ambiri apa. Emulator imawonjezera utali pansi pa sipuling'i, choncho ukabwezera spacer yakale, kachubu kokhala pamwamba pa sipuling'i, osaidula, preload, ndiko kupanikizika kwa sipuling'i foloko isanasenze kanthu, imachuluka, mutu n'kuima njo. Ndinadula ma spacer atsopano kuti preload ikhale 15mm. Oyilo ndinasankha poyang'ana ma cSt pa 40°C, muyeso weniweni wa kulemera kwake, osati nambala yolembedwa kutsogolo kwa botolo, chifukwa 10W wa kampani ina amatha kulemera ngati 15W wa kampani ina. Popeza kubwerera kwa foloko kumadalirabe kulemera kwa oyilo, ndipo sipuling'i yolimba imakankha mwamphamvu, ndinasankha wolemerako pang'ono kuposa wa m'buku. Mlingo wake ndinauika pa 130mm kuchokera pakamwa pa chubu, foloko itakanikizidwa, emulator ili m'kati, sipuling'i ili kunja.

Titamanga, sag inakhala 33mm, kukakamira 10mm. Ndinaiyesa ndekha, ine wolemera makilogalamu 70, ndipo inayenda bwino kwambiri. Mwini wake anachoka akumwetulira.

Anabwerera patapita masiku 9

Nkhope inali ina. Kumira kunatha, mabampu anafewa, koma kunabwera zinthu zitatu zimene kale kunalibe kapena sankazimva. Potuluka pa kona akuwonjezera moto, njinga inkakana kutsatira mzere, n'kumathawira kunja. Pa liwiro la pafupifupi 100 km/h, akaponda bampu ali pa moto, handulo inkapukusa uku ndi uku kangapo isanakhazikike, ndipo kamodzi inawachititsa mantha kwenikweni. Chachitatu, akatsitsa moto pa 70 km/h n'kupepula manja, handulo inkanjenjemera yokha. Anali atawerenga kale za steering damper, kashoko kogwira handulo kuti isamapukuse, ndipo ankafuna ndiwaikire tsiku lomwelo.

Ndinawapempha kuti andipatse nthawi. Steering damper ili ndi malo ake, makamaka pa njinga zamphamvu zimene wilo lakutsogolo limapepuka kawirikawiri. Koma njinga iyi inayenda makilomita 48,000 popanda damper, ndipo inayamba kupukusa mutu nditaigwira ine. Kuika damper kukanabisa chizindikiro, chifukwa chake n'kutsala pomwepo.

Choyamba ndinafuna kudziwa mtundu wa kugwedezekako, popeza okwera amasakaniza zinthu ziwiri. Pali kupukusa kwa mutu wokha, kofulumira, pafupifupi ka 6 mpaka 8 pa sekondi, komwe handulo imamenya koma thupi la njinga silisuntha kwambiri. Palinso kuyenda njokanjoka kwa njinga yonse, kawiri kapena katatu pa sekondi, komwe kumabwera pa liwiro lalikulu ndipo munthu amakumva m'chiuno. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, mumakumva m'manja kapena pa chishalo?" Anati m'manja. Choncho ndinayambanso kutsogolo.

Mpweya wa matayala unali bwino. Koma nditayendetsa chikhatho pa tayala lakutsogolo ndinamva timapiri ndi timaenje m'mbali mwake, kudyeka kwa tayala limene lakhala nthawi yaitali likudumphadumpha pa foloko yopanda oyilo wabwino. Manambala anayi a DOT olembedwa m'mbali mwa tayala, a sabata ndi chaka chimene linapangidwa, anasonyeza kuti lili ndi zaka 6. Kenako mabelingi a khosi. Ulendo woyamba ndinawayesa wilo lili pomwepo, zingwe zonse zili pa handulo, ndipo sindinamve kanthu. Ulendo uno ndinachotsa wilo ndi mafoloko, n'kutembenuza yoke yokha ndi zala ziwiri. Pakati penipeni inkakodwa pang'ono, ngati ikulowa m'kadzenje. Titagulula, mbale yam'munsi inali ndi timizere tonyezimira pamene mabolo ankakhala. Kulemera kwa wilo ndi kukoka kwa zingwe kunabisa zimenezi. Ndiponso mafoloko akale ofewa aja ankameza zambiri, pamene atsopanowa ankapereka uthenga wonse wa msewu ku khosi.

Tinaika mabelingi atsopano a tapered roller ndi tayala latsopano. Mabelingi amenewa amafuna dzanja lofatsa: ukawamanga kwambiri njinga imayenda mozembazemba pa liwiro lochepa, wokwera n'kumangoiwongola. Ndinamanga kuti akhazikike, n'kumasula, n'kumanganso mpaka kugwedera kutatha koma handulo ikugwa yokha mbali zonse ziwiri.

Kunjenjemera kwa pa 70 km/h kunatheratu. Zina ziwiri zija zinatsala.

Pamene nkhani inatembenukira

Apa ndinayesa chinthu chimene ndinkadziwa kuti mwina sichikhala mankhwala, koma chindiuze kanthu. Ndinakweza machubu 5mm kudutsa m'ma yoke, kuti mutu utsike. Mwini wake atayesa anati pa kona yayamba kumvera, koma kupukusa pa bampu kwawonjezeka. Yankho limenelo linandiunikira. Ngati kutsitsa mutu kukuthandiza pa kona, ndiye kuti njinga yakhalira kumbuyo. Kutsitsa mutu kumachepetsanso trail, mtunda wa pansi kuchokera pamene tayala lakhudza msewu kufika pamene mzere wa khosi ukanagunda, umene umathandiza wilo kudziwongola lokha. Ndipo ngati kuchepetsa trail kukuwonjezera kupukusa, ndiye kuti tayala lakutsogolo likupepuka pa nthawi imene likufunika kugwira pansi. Ndinabwezera machubu pamalo pake n'kutenga tepi kupita kumbuyo.

Sag yakumbuyo inali 56mm. Nditakweza preload mpaka pa sitepe yomaliza inafika 46mm, koma wokwera atatsika njinga inkakwera mpaka kumapeto, osatsika ndi kulemera kwake komwe. Chimenecho ndi chizindikiro chodziwika cha sipuling'i yofewa kwa munthu ameneyo. Ndikakanikiza chishalo n'kusiya, chinkakwera, kutsika, n'kukweranso. Shokoyo inali itatha mphamvu.

Masamu ake ndi awa. Pa njinga imene ma ekiselo ake atalikirana pafupifupi 1,430mm, kusintha msinkhu wa mbali imodzi ndi 25mm kumasintha kupendekeka kwa khosi ndi digiri imodzi, ndipo digiri imodzi ndi pafupifupi 6mm ya trail. Poyamba njinga iyi inali yomira kutsogolo ndi kumbuyo komwe, pafupifupi mofanana, choncho ngakhale inali yotsika, inali yolingana. Ine ndinakweza kutsogolo ndi 19mm, kumbuyo n'kusiya kuli pansi ndi mamilimita oposa 20. Njinga itangoima inali kale yoyang'ana kumwamba ndi pafupifupi digiri. Wokwera akawonjezera moto, shoko yakufayo inkamira kwambiri, mafoloko n'kutambasuka kuyandikira mapeto. Trail yochuluka ndi imene inkaikaniza kukhota. Tayala lopepuka likaponda bampu linkanyamuka pang'ono, n'kutera litapotoka, n'kuyamba kumenya handulo.

Chimene chinandibisira ulendo woyamba chinali thupi langa. Ndi makilogalamu 70, shoko yomweyo sinkamira kwambiri, ndipo njinga inkaoneka yolingana. Makilogalamu 26 amene timasiyana ndi mwini wake ndi amene anatulutsa vutolo. Kuyesa kwa makaniko kumatsimikiza kuti palibe chomasuka kapena chotayikira, koma sikulowa m'malo mwa kuyeza ndi mwini njinga atakhalapo, mbali zonse ziwiri, tsiku limodzi.

Kuwafotokozera sikunali kophweka. Munthu walipira kale ntchito ya kutsogolo, mabelingi ndi tayala, ndiye ukumuuza za shoko. Sindinazungulire. Ndinawauza kuti kuyezaku kunayenera kuchitika tsiku loyamba, ndipo akanadziwa kukula kwa ntchito yonse asanavomere. Ndinawaonetsa manambala pa pepala, n'kuwakhazika pa njinga kuti aone okha pa tepi. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Chitani zoyenera, bola ndizifika kunyumba." Ntchito ya manja pa gawo limeneli sindinawalipiritse.

Shoko yakaleyo ndi yomata, yosatsegulika, choncho tinaika ina yokhala ndi sipuling'i yogwirizana ndi kulemera kwawo komanso pochunira kubwerera, yautali wofanana ndi yakale kuti tisawonjezere chosintha china. Pomwepo ndinagulula linkage, timikono timene shoko imamangidwapo m'munsi, n'kupeza belingi imodzi youma, ndipo ndinaitsuka ndi kuipaka girizi. Sag yakumbuyo inakhala 33mm wokwera ali pomwepo, 10mm njinga ili yokha. Kuthawira kunja pa kona kunatha. Pa bampu lomwe lija, pa liwiro lomwe lija, handulo inagwedezeka kamodzi n'kukhazikika.

Kakang'ono kotsala

Patapita sabata anaimba kunena kuti zonse zili bwino, kupatula kuti pa timabampu ting'onoting'ono mutu wayambanso kuuma. Dzanja linkafuna kuthamangira ku kasipuling'i ka emulator, koma ndinayamba ndi tepi. Kukakamira kunali 21mm, pamene titangomanga kunali 10. Chimene chinasintha pakatipo ndi kugulula wilo ndi mafoloko pa ntchito ya mabelingi. Pobwezera, mabawuti opana ekiselo anamangidwa mwendo wa foloko usanapeze malo ake, ndipo miyendo iwiriyo inakhala yopanikizana pang'ono m'munsi. Ndinamasula mabawuti opanawo, n'kutsitsa njinga pansi, n'kupopa mafoloko kangapo mwamphamvu popanda kugwira buleki yakutsogolo, wilo litatsamira khoma, kenako n'kumanga ndi torque wrench monga mwa buku. Kukakamira kunatsika kufika 9mm. Ntchito ya mphindi khumi. Ndikanatsegula mafoloko n'kufewetsa kavalavu, ndikanawononga kuchuna kwabwino pofuna kuthetsa vuto limene silinali m'katimo.

Pambuyo pake ndinasintha chinthu chimodzi chokha m'mafolokomo. Ka zip tie kankatsala 6mm kuti kafike kumapeto akagwira buleki mwamphamvu, ndipo ndinkafuna malo ochulukirapo a tsiku langozi. Ndinakweza oyilo ndi 10mm mwendo uliwonse, kuchoka pa 130 kufika pa 120. Mlingo wa oyilo umagwira ntchito makamaka kumapeto kwa ulendo wa foloko, choncho sag sinasunthe, kufewa pa mabampu sikunasinthe, koma zip tie inayamba kuima patatsala 14mm.

Kwa anzanga a ntchitoyi, zimene ndasintha pa kagwiridwe kanga kuchokera pa njinga imeneyi ndi zochepa koma sindizidumpha. Pepala lolandirira njinga ya vuto la mafoloko tsopano lili ndi malo a manambala akutsogolo ndi akumbuyo, kulemera kwa wokwera, zaka za matayala, ndi utali wa chubu chotulukira pamwamba pa yoke, ndipo sipanala sigwira ntchito malowo asanadzaze. Mabelingi a khosi ndimawayesa mafoloko atachoka, popeza amakhala atachoka kale pa ntchito yotere. Kukakamira ndimakuyeza nthawi iliyonse wilo lakutsogolo likabwerera, ngakhale tangosintha tayala. Ndipo pochuna ndimasintha chimodzi, kulemba, kuyesa, kenako china. Mayeso a 5mm aja anandithandiza chifukwa anali okha. Ndikanawaphatikiza ndi oyilo kapena preload, yankho la mwini njinga silikanandiuza kanthu.

Njingayo inabweranso itayenda makilomita ena 3,000, kudzasintha oyilo wa injini. Sag inali 34mm kutsogolo, 33mm kumbuyo. Mabelingi a khosi anali atakhazikika n'kuyamba kugwedera pang'ono, monga amachitira atsopano, ndipo ndinawamanga pang'ono. Tayala lakutsogolo linkadyeka mofanana mbali zonse, chikhatho sichinamve kaphiri kalikonse. Steering damper sitinaiike. Ndinalemba pa khadi lawo kuti oyilo wa m'mafoloko adzasinthidwe pakatha zaka ziwiri kapena makilomita 20,000, chimene chidzayambe kukwana, ndipo anandifunsa ngati angabwere ndi akazi awo sabata yotsatira kuti tiyeze sag ya anthu awiri asananyamuke ulendo wautali.